Misomali Yadzimbiri

Tidayambira m'galaja ya bambo ake a Sixten ku Motala,
pakati pa matayala akutha ndi zitini za penti wouma.
Galimoto ankaitulutsa kuti ife tikwanemo,
iyo n'kugona panja m'chipale chofewa, ikutitukwana chamumtima.
Zala zathu zinkadziwa malo atatu okha pa gitala.
Achinayi tidawapeza patatha zaka ziwiri, mwangozi.

Ylva ankamenya ng'oma ngati zidamudyera ndalama.
Torkel ankaimba, kapena tinene kuti ankakuwa motsatira nthawi.
Ine ndi besi yanga pakona, pafupi ndi firiji yokalamba
imene inkang'ung'udza bwino kundiposa.
Dzina tidalitola pansi, zenizeni:
Sixten adaponda msomali, nsapato n'kudzaza magazi,
ife kuseka mpaka kuchipatala.

Mayi Ekdahl a nyumba yoyandikana adaitana apolisi kawiri.
Kachitatu adabwera okha ndi mabanzi otentha,
thonje lili tho m'makutu,
n'kunena kuti, ana inu, yomalizayo mwaifulumiza.

Makaseti mazana awiri. Tidagulitsa makumi asanu ndi limodzi.
Otsalawo adakhala miyendo ya bedi langa.
Koma usiku wina, dziko lonse lili m'tulo,
wailesi ya ku Stockholm idalakwitsa n'kutiika.
Ndidaima m'khitchini ndi kabudula yekha
osadziwa woti ndimudzutse.

Kenaka msewu.
Minibasi yonunkha dizilo ndi masokosi,
chitseko chomanga ndi nsambo ya gitala.
Ku Hamburg adatilipira mowa ndi matiresi amodzi.
Ku Bilbao anthu mazana asanu adaimba nafe mawu athu
osamva ngakhale limodzi,
thukuta likudontha kudenga ngati mvula ya m'nyumba.
Torkel adalirira kuseri kwa sipika, n'kunamizira utsi.

Ndiye adabwera mkulu wa nsapato zowala,
cholembera chili kale m'manja.
Chimbale chachitatu adachichapa, n'kuchitsukuluza, n'kuchisita.
Dzimbiri lonse lidachoka.
Msomali wopanda dzimbiri ndi msomali basi,
amagulitsa pa kilo.
Nyimbo yathu ina idakatsatsa mankhwala otsukira mbale,
ndipo mayi anga, kwa nthawi yoyamba, adati ndine woimba.

Sitidathere pa siteji ayi.
Tidathera pomwetsera mafuta kunja kwa Jönköping,
mu Novembala, mdima utagwa kale masanasana,
tikukangana za amene adalipira soseji.
Mkangano sudali wa soseji.
Torkel adatsika ndi chikwama chake n'kukwera basi.
Enafe tidayenda makilomita zana popanda wotsokomola.

Lero Ylva amayendetsa lole yonyamula mitengo kumpoto,
akuti amamenyabe chiwongolero.
Torkel amaphunzitsa ana kusambira.
Sixten tidamuika m'manda chaka chatha, nthaka isanaume ndi chisanu,
ndipo atatufe tidaima mtunda wa gitala imodzi pakati pathu,
aliyense akudikira kuti wina awerenge mpaka kanayi.
Palibe adawerenga.

Mnyamata wina wa ku Osaka adandilembera kalata,
akufuna kaseti yoyamba ija pa mtengo wa njinga yatsopano.
Ndidagwada, n'kusolola imodzi pansi pa bedi.
Tsopano ndimagona mopendekeka.

Dzulo ndidadutsa pa galaja ija.
Eni ake atsopano adaipaka utoto woyera,
m'kati muli galimoto yamagetsi
imene imatuluka mwakachetechete ngati wakuba.
Ndidaima pampanda kanthawi.
Khutu langa lakumanzere, limene dokotala adati lidafa,
limalirabe liwu limodzi usana ndi usiku,
loonda, losatha, lokwera pang'ono kuposa poyenera.
Dokotala ali nalo dzina lake la matendawa.
Ine ndimalidziwa liwulo:
ndi gitala ya Sixten, ataitsamiritsa pa sipika
n'kutuluka kukasuta,
osazimitsa.